Timinga pa Kadzanja ka Kangaude

Bambo anga anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi m'chipinda chopanda zenera, pansi pa myuziyamu, ndipo anzawo ankawatchula kuti a Kadontho. Dzinali linabwera chifukwa chilichonse chimene ankasunga m'timabotolo tawo, munthu ukachiyang'ana unkangoona kadontho kakuda kakuyandama mu spiriti. Iwo ankati ndi kangaude. Ntchito imene anawalembera inali yotsuka timabotoloto, kuthiramo spiriti wina akauma, ndi kulemba timapepala toika m'kati mwake tonena dzina la kachilombo ndi kumene kanagwidwa. Zinazo anazipala okha.

Ine ndine telala, mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, ndipo ndinene poyera kuti akangaudewo ndinadana nawo kuyambira ndili pa sukulu. Anzanga akandifunsa kuti bambo ako amagwira chiyani, ndinkati ndi kalaliki. Zovala zawo zinkanunkha spiriti mpaka anthu mu basi ankawayang'ana cham'mbali, chonsecho munthuyo mowa sanaulawepo chibadwire.

Kuseri kwa myuziyamuyo kunali ngalande yakale ya njerwa, yakuya kufika m'chiuno, yodzaza ndere, imene dzuwa silinkafikamo. M'menemo munkakhala kakangaude kochepa ngati mutu wa phini. Akangaude ena amatchera ukonde n'kukhala phee kudikira. Uyu ayi. Amamanga ulusi umodzi kuchokera pakati pa ukonde kukafika pa khoma, n'kuukoka ndi miyendo mpaka ukondewo utapindika ngati ambulera yotembenuzidwa ndi mphepo. Udzudzu ukamadutsa pafupi, amausiya ulusi uja, ukonde n'kufwamphuka ngati legeni kukaukola udzudzuwo m'malere. Bambo anaziona zimenezi koyamba ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kuyambira pamenepo nkhomaliro yawo ankadyera m'ngalande.

Kunyumba sitinkapuma nazo.

"Akangaude ali ngati ife tomwe," ankatero tili pa tebulo. "Pali banja lalikulu. M'banjamo muli mbumba. M'mbumbamo muli mitundu. Mbumba ya uyu ndi yaing'ono kwabasi, mitundu inayi yokha dziko lonse lapansi. Wathuyu akhoza kukhala wachisanu."

"Wathu ndi ndani?" amayi ankawabweza. "Ine sindinabereke kangaude. Tadyani apa, chakudya chikuzizira."

Mkulu wa chipinda chawo anali mayi wina wophunzira kwambiri, wa magalasi ochindikala, amene aliyense ankangomutchula kuti Adokotala. Iyeyu ndiye anawauza bambo pamene panagona nkhani. Akazi a mitundu inayi yonseyo amafanana ngati mazira, sungawasiyanitse. Chowasiyanitsa chili pa wamwamuna. Iye ali ndi timanja tiwiri kutsogolo kwa mutu tokhala ngati nkhonya, ndipo pa kadzanjapo pamakhala kamunga. Ngati kamungako kali kamodzi kopindika, ndiye kuti ndi mtundu wakale umene munthu wina anaulemba kale m'buku agogo athu asanabadwe. Koma timinga tikakhala tiwiri, ndi mtundu watsopano. "Ndipo dzina lake mudzasankha ndinu, a Kadontho," Adokotala analonjeza. "Ingondibweretserani wamwamuna."

Kunena n'kosavuta. Akazi bambo anagwira mazana. Wamwamuna ndi wochepa kuposa mkaziyo, akakula satchera ukonde, amangoyendayenda masiku ochepa n'kufa. Kamodzi kokha, kalekale, bambo anapeza wina atafa kale, wophwanyika. Anamuika pa maikulosikopu, makina aja okuza tinthu ting'onoting'ono, ndipo anabwera kunyumba akulumbira kuti aona timinga tiwiri. Adokotala anati chophwanyika si umboni, pakufunika wathunthu. Kuyambira apo munthu uja mutu unaleka kugwira zina.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo amayi anagonekedwa m'chipatala. Tsiku lomaliza, masana, anatsegula maso n'kufunsa kuti bambo ako ali kuti. Ndinawaimbira foni kakhumi ndi kamodzi. Foniyo inali m'jekete, jekete lili pa msomali m'chipinda chija, eni ake ali m'ngalande chifukwa mvula inali itangokata ndipo ankati akangaude aamuna amatuluka nthawi yotero. Anafika kuchipatala ali ndi matope m'mawondo, bedi atayalula kale. Ndinawayang'ana mawondowo n'kuwafunsa pamaso pa anamwino kuti, "Mwampeza mwamuna wanuyo?" Kuchokera tsiku limenelo tinkangopatsana moni ngati anthu okumana pa depoti.

Ndiye Lachitatu lina m'mawa ndili pa mashini ndinangoona munthu akupunthwa pa khomo la shopu yanga. Anavula chipewa, n'kupereka moni waulemu kwa chidole chimene ndimavekapo madiresi.

"Bambo, ndili kuno ine," ndinatero.

Anatembenukira kumene kunkachokera mawu. Apa m'pamene ndinawayang'ana bwino m'maso. Maso onse awiri anali atachita ng'ala, oyera ngati muli mkaka.

"Zayamba liti zimenezi?"

"Chaka chachiwiri chino. Kuntchito sakudziwa. Timabotolo ndimatidziwa ndi zala." Anakhala pa mpando wa makasitomala, chipewa chili pa bondo. "Mwana wanga, madzi andifika m'khosi. Kumapeto kwa mwezi uno ndikupuma pa ntchito, makiyi ndibweza. Ndipo Lolemba likubwerali akutseka ngalande ndi simenti, akuti pakhale poimika magalimoto. Adokotala ali kunja kwa dziko, abwera pakatha miyezi itatu. Ndikufuna maso ako."

Ndinapsa mtima mpaka ndinathyola singano. Ndinawauza kuti ndili ndi madiresi asanu ndi limodzi a operekeza mkwatibwi, kuti ine si mwana wosewera m'matope, kuti munthu amene maso akumuthawa amapita kuchipatala osati kungalande. Ndinanenanso zina zimene sindingazibwereze pano. Iwo anangodikira kuti nditsirize, kenako anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kapepala kochepa ngati tikiti ya basi, kokutidwa m'pulasitiki. Kanali kamodzi ka timapepala ta m'botolo tija. Pamwamba analembapo dzina la mbumba ya kangaudeyo. Pansi pake, ndi pensulo, m'zilembo zawo zooneka ngati zotayipa, panali dzina la amayi.

"Ndinalemba titangobwera kuchokera kumanda," anatero. "Dzina la kangaude likalowa m'buku silifufutika. Ine ndidzafa, iwe udzafa, koma aliyense womugwira kulikonse azidzatchula mayi ako. Ndilibe china chowapatsa. Ndinachedwa, mwana wanga. Ichi chokha n'chimene chatsala."

Ndinafuna kunena kuti amayi akanakonda kuti mufike pa bedi paja kusiyana n'kusanduka kangaude. Mawuwo anafika pa lilime. Koma ndinayang'ananso dzina la amayi pa kapepalako, n'kuwameza mawuwo. Ndinazimitsa mashini.

Lachinayi m'mawa ndinalowa m'ngalande nditavala nsapato za mphira za bambo, zondikulira. Iwo anandipatsa zida ziwiri. Choyamba chinali sokosi yakale yothiramo ufa. Ukaigwedeza pafupi ndi khoma, fumbi la ufalo limamatirira pa ulusi, ukonde umene sunkaoneka n'kuonekera mbee. Chachiwiri chinali kapaipi ka mphira kolumikiza ku kabotolo: mbali ina umaika pakamwa, ina pafupi ndi kangaude, n'kukoka mpweya kuti agwere m'botolomo.

"Pali kansalu kotchinga, sungammeze," anandilimbitsa mtima.

"Inuyo mwameza angati?"

"Atatu. Nthawi imeneyo kansalu kanali katang'ambika."

Ndinaseka ndisakufuna. Kanali koyamba kuseka nawo pa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinadzikwiyira nazo.

Ntchito yake inali yowawa. Umayenda chogwada, mphuno ili pafupi ndi njerwa, udzudzu ukukudya m'khosi, madzi onunkha akulowa m'nsapato. Bambo ankanditsatira m'mbuyo atagwira lamba wanga, akulankhula osalekeza. Yang'ana pansi pa njerwa yotuluka. Usapumire pa ukonde. Ukaona kampira kofiirira kakulendewera pa ulusi, amenewo ndi mazira, usawakhudze. Wamwamuna sakhala pakati, amakhala m'mbali, pa ulusi wakewake, miyendo yake ndi yaitali.

"Ukuona chiyani?"

"Wamkazi."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pita patsogolo."

Lachinayi akazi khumi ndi mmodzi. Lachisanu akazi asanu ndi atatu, ndipo mayi wa mkwatibwi anaimba foni n'kunditsuka bwinobwino. Anthu odutsa ankaima pamwamba kutiyang'ana, wina mpaka anafunsa ngati tataya mphete. Loweruka masana, nditatopa msana ukuthyoka, ndinaona mkazi wina akusiya ulusi wake. Ukonde unafwamphuka, udzudzu n'kukodwa, zonse m'kuphethira kwa diso. Ndinakuwa kuti, "Bambo, wawombera!" Iwo anamwetulira, nkhope ili kumbali ina, n'kunena kuti eya, amatero. Ndinazindikira kuti chinthu chimene anapereka moyo wawo wonse sadzachionanso, ndipo chinandibaya.

Lamulungu bambo anataya mtima. Titafika kumapeto kwa ngalande osapeza kanthu, anandilanda sokosi ija n'kuyamba kuigwedeza okha paliponse, ufa uli mbuu m'mutu mwawo. Kenako anayamba kupapasa khoma ndi manja, akuphwasula maukonde amene akhala akuwasamala zaka zonsezi.

"Ali momwemuno! Ndikudziwa ali momwemuno! Mulungu, mmodzi yekha! Ndakupemphanipo chiyani ine?"

Ndinawagwira manja. Anali atadzicheka pa njerwa, magazi akusakanikirana ndi ufa. Anakhala pansi m'madzi momwemo n'kulira mokweza, kulira kumene sanalire pa maliro a amayi. Ndinawadzutsa movutikira n'kupita nawo kwanga, ndipo mathalauza awo ndinawachapa ndekha.

Lolemba tinafika m'mamawa, koma lole inali itatiyambirira. Inali itatsitsa zivindikiro zikuluzikulu za simenti, ndipo amuna asanu ndi mmodzi anali atayamba kale kuziyala kuchokera kumtunda. Kapitawo wawo, bambo wamimba wa chisoti chachikasu, anatiuza kuti tichoke, pano ndi pa ntchito.

Bambo anavula chipewa. Kenako, pamaso pa anthu onsewo, anagwada pa miyala.

"Bwana, ndine mkulu kwa inu, koma ndagwada. Ndipatseni ola limodzi."

"Madala, dzukani, mukundichititsa manyazi. Muli chiyani m'menemo? Golide?"

"Muli kangaude."

Antchito aja anaseka mpaka wina anagwetsa fosholo. Ine manyazi anandigwira, kenako ukali. Ndinawafunsa ngati kwawo kulibe makolo. Kapitawo anakanda m'mutu, nayang'ana wotchi, n'kuloza paipi ina yosweka imene inkadontha chakumunsi.

"Ife sitiima, ntchito ndi ya eni ake. Koma tikuyala kuchokera kuno. Tikafika pa paipi paja, mutuluke, apo ayi tikuvindikirani momwemo."

Tinalowa. Kumbuyo kwathu zivindikiro zinkagwa, gu, gu, ndipo chilichonse chikagwa maukonde ankanjenjemera. Ndinagwedeza sokosi. Wamkazi. Wamkazi. Mazira. Wamkazi. Bambo ankangopuma mwamphamvu kumsana kwanga. Fumbi la simenti linayamba kutifika. Titafika pa paipi paja ndinagona chammimba kuti ndione kunsi kwake, kumene madzi ankadontha, n'kugwedeza ufa wotsala.

Panali ukonde wa mkazi, wokokedwa bwino. Ndipo kumbali kwake, pa ulusi umodzi wopita ku njerwa, panali kadontho kena kochepa kuposa mkaziyo, kamiyendo yaitali, katanyamula tinkhonya tiwiri kutsogolo.

"Bambo," ndinanong'ona. "Ali ndi nkhonya."

Zala zawo zinandifinya phewa mpaka ndinamva kuwawa.

"Usapume. Bweretsa kapaipi cham'munsi, akadzidzimuka amagwera pansi. Pang'onopang'ono. Koka!"

Ndinakoka mpweya ngati ndikufuna kumeza ngalande yonse. Nditayang'ana m'botolo, kanali m'menemo, kakuthamanga mozungulira. Tinatuluka amuna aja atanyamula chivindikiro cha pamalo pomwepo. Kapitawo anapempha kuti aone, anasuzumira m'botolo, n'kupukusa mutu.

M'chipinda cha bambo ndinali ndisanalowemo chikulire. Mashelefu kufika kudenga, timabotolo zikwizikwi, fungo lija la zovala zawo. Ankayendamo ngati munthu woona. Anathira spiriti m'kambale kagalasi, tinamugwetseramo kangaude uja, anaphupha pang'ono n'kuuma. Anayatsa kanyale ka pambali pa maikulosikopu, nandipatsa kasingano kowonda kuposa aliyense amene ndinagwirapo, n'kundiuza kuti ndidule kadzanja ka kumanzere ndikagoneke chagada. Ndasokapo mikanda pa nsalu yoterera, koma apa thukuta linandituluka. Kachitatu kanatheka.

Anatsegula buku lakale pa tsamba limene linali litada ndi zala zawo. Panali chojambula cha kadzanja ka mtundu wakale uja, ndi kamunga kamodzi kopindikira m'kati.

"Tsopano yang'ana wathuyo," anatero. "Pamwamba, pafupi ndi nsonga. Tilipo tingati?"

Ndinaika diso. Kadzanja kaja kanadzaza malo onse, kofiirira, kowala, kokhala ndi timizere. Pa nsonga panali kamunga kamodzi kopindikira m'kati. Ndinayang'ana m'buku. Ndinayang'ananso m'makina. Zinali zofanana ngati kuti wojambulayo anajambula kameneka.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkafuna tsiku loti ndidzawauze bambo kuti ngalande yawo inali yachabe. Tsikulo linafika, umboni uli pansi pa diso langa. Ndinatembenuka n'kuwaona ataima, dzanja lili pa thumba la malaya, mawondo ali ndi matope ngati tsiku lija kuchipatala.

"Tiwiri," ndinatero.

Anatseka maso. Ndinaganiza kuti zatha, Adokotala akadzabwera adzazione okha, bola bambo apume pa ntchito ali ndi chimwemwe. Koma iwo anatambasula dzanja, napapasa pa tebulo mpaka anagwira kanyale kaja.

"Nyale ikakhala mbali imodzi, kamunga kamaponya mthunzi," anatero pang'onopang'ono. "Munthu umaona tiwiri pali kamodzi. Ndi lamulo la ntchito ino, uyenera kuisuntha uonenso." "Tsiku lija la wophwanyika uja, ine sindinaisunthe. Ndinkalidziwa lamulolo. Ndinaopa."

Anaisunthira kumbali inayo.

"Yang'ananso, mayi. Usandimvere chisoni. Ukuona tingati?"

Sindinafunikire kuyang'ana, koma ndinaika diso kuti ndipeze pobisa nkhope. Misozi inagwera pa galasi.

"Kamodzi, bambo."

"Kopindikira m'kati?"

"Eya."

Anakhala pa mpando. Kunja kunkamveka zivindikiro zotsiriza zikugwa. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa kapepala katsopano ndi pensulo.

"Lemba dzina lili m'bukulo, chilembo ndi chilembo. Pansi pake tsiku la lero ndi malo. Ndi wamwamuna wabwino ameneyu, wathunthu, Adokotala adzakondwa." Ndinatenga bolopeni ya m'chikwama changa, koma anamva kulira kwake n'kundigwira dzanja. "Ayi. Inki imasungunuka mu spiriti. Pensulo ndiye imakhala."

Ndinalemba. Anaika kapepalako m'botolo limodzi ndi kangaude ndi kadzanja kake, natseka, napita nalo pa shelefu osaphonya, n'kuliika pamzere wa mtundu wakale uja. Atabwerera anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kapepala ka amayi. Anakachotsa m'pulasitiki, nakasisita ndi chala, osadziwa pokaika.

"Ndinawasiya okha chifukwa cha mthunzi," anatero.

Ndinatenga kabotolo kopanda kanthu pa tebulo, ndinathiramo spiriti mpaka m'khosi monga ankachitira iwo, n'kuwalanda kapepalako mofatsa. Ndinakalowetsamo, ndinatseka mwamphamvu, ndipo ndinawafumbatitsa m'manja.

"Tiyeni kwathu, bambo. Mawa tikupita kuchipatala cha maso, ndipo musanditsutse."

Sananditsutse. Madokotala anakonza diso limodzi, linalo anati tinachedwa nalo. Masiku ano amakhala kwanga, amandilowetsera ulusi m'singano ndi diso lawo limodzilo, pang'onopang'ono, ine n'kumadziletsa kuwalanda. Za akangaude sanenanso, ndipo nthawi zina ndimayambitsa dala nkhaniyo, iwo n'kungoti eya. Kabotolo kaja kali pawindo la kuchipinda kwawo. Mulibe kangaude, muli kapepala kokha, ndipo dzina la amayi likuwerengeka bwinobwino. Loweruka lililonse amakanyamula n'kukayang'anitsa pa dzuwa, ndipo spiriti akatsika pang'ono amawonjezera.